Mlomo wa Bwato pa Chivundikiro cha Faiba

Timuoneni mose, ada ndi ama! Yewu, yewu. Abusa, akulu a mpingo, abale ndi alongo, ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye.

Andiuza kuti lero ndilankhule Chichewa, poti pakati pathu pali aphunzitsi, anamwino ndi apolisi ochokera kutali. Chichewa changa n'chogulira mchere pamsika. Chikamatsimphina ngati mwini wake, muchigwire dzanja.

Ine ndine Yotamu Chirwa, wa konkuno ku Chintheche, kumunsi kwa msewu. Ndinali wosema mabwato. Mundikhululukire, lero ndidzitama ndithu, koma ndikutamira Amene anandipatsa manjawa. Bwato langa munkalizindikira likadali kutali. Mimba yaikulu, kukamwa kochepa, milomo yopindikira m'kati, kuti funde likamenya libwerere komwe lachokera. Asodzi a ku Kande ankalolera kudikira ine, osema ena ali khale alibe chochita. Ada Mhone ali apowo, bwato lawo likuyendabe. Ndikunama, ada? Mwamva nokha, akuti sindikunama.

Chaka china tinakwera kumapiri kukagwetsa mbawa. Mtengo unagwa bwino. Tinausema komweko, monga mwa nthawi zonse. Potsika nalo bwatolo, chingwe chinaduka. Linatsetsereka, linandipeza mwendo. Bwato langa lomwe, abale! Losema ndekha! Anandinyamula pamachira. Kuchipatala mwendo anaudula m'munsi mwa bondo.

Wosema mabwato amagwira ntchito kuphiri, komwe kuli mitengo. Ndi mwendo umodzi phiri silikwereka. Ndiye ndinatsikira pamphasa, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba. M'mawa pamphasa. Masana pamphasa. Dzuwa likasuntha, ine kukoka mphasa kutsata mthunzi, imeneyo ndiye inali ntchito yanga. Nsompho yanga yosemera inachita dzimbiri padenga. Mkazi wanga Nyamanda ndiye anasenza nyumba. Kukumba chinangwa yekha, kuviika yekha, kuyanika yekha, kupita nacho kumsika, khadi la chipani atalimanga pansonga ya chitenje kuti achinyamata a chipanicho amulole kulowa. Kuno kutchalitchi ndinkabwera, koma ndinkakhala kumbuyo kwenikweni kuti ndodo zanga zisamveke pasimenti.

Kenaka anabwera alamu anga, a Manda a ku Usisya, mchimwene wake wa Nyamanda. Munthu wabwino, musamuganizire zoipa. Anakhala pamphasa panga pomwepo, nati, "Mlamu, sindikukunyozani ayi. Koma anawa akuonda, ndipo mlongo wanga watha. Sukulu ikatsekera ndibwera. Eneya ndi Malita ndipita nawo ku Usisya. Tiyezge akakhala kwa azakhali ake ku Mpamba."

Ana anga atatu, abale. Kugawidwa ine ndili moyo, ndikuona ndi maso. Ndinafuna kukana. Koma ukana ndi chiyani, m'manja mulibe kanthu? Ndinangoyang'ana pansi. Ndinapemphera pemphero lalifupi kwambiri pa moyo wanga wonse. Ndinati, Chiuta, mwendo mwatenga, sindikufunsani chifukwa. Koma ana ayi. Ana ayi.

Tsono imvani mmene Mulungu amachitira zinthu zake. Sanatume m'busa. Sanatume mkulu wa mpingo. Anatuma Msilamu! Che Matola, mmisiri wa maboti a faiba wochokera ku Mangochi, amene anali ndi shedi yokonzera maboti kugombe kuja. Anaona bwato langa lakale pamchenga, nafunsa kuti wosema ndani. Anandipeza pansi pa mango. Ine ndinamuonetsa mwendo kuti asataye nthawi. Iye anaseka, nati, "Akulu, miyendo ndili nayo yanga iwiri, ikundikwanira. Ine ndabwerera manja."

Ntchito inali iyi. Panali boti lonyamula mankhwala, ufa ndi anthu kupita ku Usisya, komwe galimoto sifika bwino. Pamwamba pake pali makomo otsitsira katundu m'mimba mwa boti, khomo lililonse ndi kukula kwake. Zivundikiro zake zinali za matabwa, zowola. Mwera ukawomba, madzi ankalowa, ufa kufika uli phala, mankhwala atanyowa. Akuluakulu a boti ankafuna zivundikiro za faiba. Koma cha faiba sungachiseme, chimafuna chikombole, ngati njerwa.

Che Matola anandiphunzitsa. Poyamba umasema chitsanzo cha mtengo, chofanana ndendende ndi chivundikiro chomwe ukufuna. Umachikwecha ndi sandipepala mpaka chiterere ngati mbale. Umachipaka phula, kupukuta, kupakanso, kupukutanso, mpaka mkono kulira. Ukatero umayala pamwamba pake nsalu ya faiba, ija yoyabwa ngati chitedze, n'kuinyowetsa ndi mankhwala omata otchedwa rezini. Zikauma zimalimba gwa. Ukazula mtengo uja, chigoba chotsalacho ndiye chikombole. M'menemo ndimo mumaumbidwa zivundikiro. Anandiuzanso, ndipo ndinamva bwinobwino, kuti m'mbali mukhale motseguka pang'ono cha kukamwa, kuti mtengo udzatuluke.

"Ndikuyesani ndi chimodzi," anatero. "Rezini ndi wovuta, amabwera pasitima, ndipo watsala wochepa. Chikatheka, malo ndi anu."

Abale, nditagwiranso nsompho, ndinalira. Fungo la mtengo wongosema kumene! Ndinasema nditakhala pansi, chotsala cha mwendo nditachitsamiritsa pathumba la utuchi. Kukamwa ndinayeza ndi tepi, kunakwana ndendende ndi khomo la paboti. Che Matola anayezanso, nagwedeza mutu, nanyamuka kupita ku Nkhata Bay kukadikira zipangizo za injini. Ine ndinamaliza ndekha. Ndinapaka phula, ndinayala faiba, ndinathira rezini. Chinauma chokongola, chonyezimira.

Atabwera, tinati tizule mtengo. Kukoka, ayi. Kugogoda ndi nyundo ya mphira, ayi. Kukhomera timitengo m'mbali, kuthira madzi, kuitana amuna anayi a pagombe kuti akoke uku ndi uku, ayi ndithu! Mtengo uli phee m'kati.

Che Matola anayendetsa chala m'mbali mwa chikombole. Anayendetsanso. Kenaka anakhala pansi, nagwira kumutu. "A Chirwa, mwasema bwato!"

Inde, abale. Ndinasema bwato. Makutu anamva kuti kukamwa kutseguke, koma manja anachita zomwe anaphunzira ndili mnyamata. Mimba ndinaikuza, mlomo ndinaupindira m'kati, pang'ono chabe, ngati kunenepa kwa chala. Maso anga sanaone cholakwika, chifukwa kwa wosema mabwato chinthu chokhala pamadzi chimayenera kukhala chotero. Tsono chinthu cha mimba yaikulu chingatulukire bwanji pakamwa pochepa? Rezini wa anthu anapita pachabe. Anthu a pagombe anaseka mpaka kugwira nthiti. Wina anati, "Ada Chirwa, ingoikanimo nkhafi, mupite nacho kukawedza!"

Che Matola sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangoti, "Pitani mukapume, akulu. Ndiganize kaye."

Ndinabwerera pamphasa. Sukulu inali itayamba mayeso. Nyamanda anali atachapa kale zovala za ana, atazipinda m'kasutikesi. Kasutikesi kameneko kanali pakona, ndipo ndikalowa m'nyumba maso anga ankathawira kwina. Apo ndiye panali pansi penipeni, abale. Kuposa tsiku la mwendo. Tsiku lija chinandipweteka ndi chingwe, koma apa anali manja anga omwe ndinkawanyadira.

Masana ake Nyamanda anakhala pambali panga akusenda mtedza wophikira ndiwo. Ine kudandaula, kubwereza zomwezomwezo, kuti chachikulu mimba sichingatuluke, sichingatuluke. Mayiyu, amene mukumudziwa, sachedwa kutopa ndi munthu wolira. Anandiponyera mtedza pachifuwa, nati, "Ada, mwandisokosa. Uwu uli ndi kukamwa? Nanga ukutuluka bwanji? Thandizeni kusenda, m'malo molira."

Ndinautenga. Ndinaufinya. Chikhokhombe chinatseguka pakati, mbali iyi ndi mbali iyo, mtedza uli m'manja wathunthu. Ndinatenganso wina. Ndinafinya. Abale, ndinanyamuka pamphasa paja ndi liwiro loti ndodo imodzi ndinaiiwala!

Ndinamupeza Che Matola akutsuka maburashi. Ndinati, "Che Matola, chikombole chikhale cha mbali ziwiri, zomangana ndi mabawuti pakati. Chivundikiro chikauma, timasula, mbali iyi uku, mbali iyo uko."

Anaika maburashi pansi. "Zoterozo zilipo, ndinaziona kwathu. Koma polumikizira pamafunika pagwirane moti tsitsi lisalowe, apo ayi rezini amadontha n'kumata zonse pamodzi. Bwanji mungopala mimbayo, chikhale chowongoka ngati zina zonse? N'chapafupi, ndipo malo anu ndikusungirani."

Apa mundimvetse. Njira yapafupi inali pomwepo, ndipo ana anga anali pamzere. Koma ine nyanja iyi ndikuidziwa. Ndinati, "Zowongokazo funde limalowa pansi pake n'kuzitukula. Mlomo uwu sunapindike pachabe. M'kati mwake tiikamo mphira wa chubu chakale, ugwire khomo ngati dzanja. Madzi akabwera apeza potseka."

"Rezini watsala wa ulendo umodzi," iye anatero. "Zikakanika, akuluakulu a boti athamangitsa inu, athamangitsanso ine."

"Polumikizira ndisiyireni ine."

Anapumira m'mwamba. "Chabwino. Inu mupemphere kwanuko, ine ndipemphera kwathu."

Chikombole choyamba tinachicheka ndi sowo, mtengo wanga unatuluka ndi kabala kakang'ono, ndinakatseka. Ndinasema kathabwa kopyapyala kotsata msana wa chitsanzo, kugawa pakati. Kathabwa kameneko ndinakapala ngati ndikumeta mwana wakhanda. Kuyeza, kupala, kuyang'anira kudzuwa ngati kuwala kukudutsa, kupalanso. Tinaumba mbali imodzi. Itauma tinachotsa kathabwa, tinapaka phula, tinaumba mbali inayo. Tinaboola, tinamanga mabawuti. Titamasula, mtengo unatuluka wokha osaukoka. Tinamanganso, tinaumbamo chivundikiro ndi rezini wotsiriza, wochita kukokota pansi pa chitini.

Tsiku lomasula, aja ankaseka aja anadzaza shedi. Sipanala inandipulumuka, inagwa pansi. Che Matola anaitola, nandibwezera. "Masulani nokha, ndi chanu." Ndinamasula. Ndinagogoda pang'ono. Chinangoti phwa! Mbali iyi uku, mbali iyo uko, pakati chivundikiro choyera, chosalala, mlomo wake wopindika bwino ngati wa bwato la Chirwa. Tinaikamo mphira, tinakachivundikira paboti. Chinakhala thi. Che Matola anatunga ndowa, kukhuthula, kutunganso, kukhuthula, mpaka thukuta. Titatsegula, m'kati mouma, fumbi lili pomwepo. Ambuye alemekezeke! Nenani Amen, abale, musachite manyazi!

Boti linapita ku Usisya. Pobwera linanyamula alamu anga, akudzatenga ana monga ananenera. M'njira anakumana ndi mwera woopsa, mafunde akudutsa pamwamba pa boti. Anthu onse ananyowa mpaka m'kati. Katundu wa m'makomo a matabwa ananyowa. Koma alamu anali ataika thumba lawo la usipa wouma, lomwe ankatibweretsera, pansi pa chivundikiro chatsopano chija. Pagombe atatsegula, usipa uli gwa, ukuchita kuthetheka. Anafunsa woyendetsa boti kuti chinthu ichi chachokera dziko liti. Iye anawalozera kushedi.

Anandipeza ndili mbuu ndi utuchi, ndikusema chitsanzo chachiwiri, poti akuluakulu a boti anali atalamula kale kuti makomo onse akhale otero. Anaima pakhomo, madzi akudontha m'malaya. Anayang'ana chikombole, anayang'ana ine. Anati, "Mlamu, thumba lija ndasiya kunyumba. Mumuuze mlongo wanga amasule sutikesi. Ana awa ali ndi bambo wawo."

Lero ndikugwirabe kushedi komweko. Mwendo sunamere, musayang'ane pansi, ukadali umodzi. Faiba imandiyabwa mpaka Nyamanda amandithamangitsira kunyanja kukasamba ndisanalowe m'nyumba. Chuma ndilibe, koma ufa sutha, ndipo sopo alipo. Eni maboti amachokera kutali ndi miyezo ya makomo awo, aliyense ndi kukula kwake, n'kumati tikufuna cha mlomo wa bwato. Pakhoma la shedi papachikidwa zikombole zanga, chilichonse mbali ziwiri, ndipo palibe chomwe chinadonthapo. Che Matola akuti akadzabwerera kwawo adzanyamula chimodzi akaonetse anzake. Mphasa ija tikuyanikirapo chinangwa.

Ndikuthokoza Chiuta. Ndikuthokoza Che Matola, yemwe anaika ntchito yake pamodzi ndi yanga. Ndikuthokoza mayi woponya mtedza uja, ali apoyo akubisa nkhope m'chitenje. Ndipo mwaona kuti masiku ano ndimakhala kutsogolo, ndodo zigogode mmene zingagogodere.

Ndinapempha chinthu chimodzi chokha, abale, ndipo ndikufuna muchione ndi maso anu. Eneya, imirira. Malita, imirira, usachite manyazi. Tiyezge, dzuka, atate ako akukuitana. Awoneni. Onse atatu achokera m'nyumba mwanga m'mawa uno, ndipo tikaweruka abwerera komweko.

Yewu ukongwa, zikomo kwambiri. Amen.