Mayi Evelyn Miti ndi Dziko la Kalindamvula

Anamfedwa, akulu a mpingo, ndi nonse amene mwabwera kudzatikhuza, amene tikuwaperekeza lero ndi mayi Evelyn Miti, a kubanja la a Chulu. Anabadwa pa 9 Ogasiti 1954 m'mudzi wa Kamphanda, cha ku Vubwi. Anali achitatu m'banja la ana asanu ndi awiri.

Sukulu anayambira kwawo komweko, sekondale anakaphunzira ku Chipata, ndipo maphunziro a uphunzitsi anamaliza mu 1976. Chaka chotsatira anamanga banja ndi bambo Samuel Miti, mlangizi wa ulimi wa thonje, mu mpingo wa Reformed Church. Mulungu anawapatsa ana anayi.

Anaphunzitsa ku Vubwi, ku Sinda, kenako kuno ku Mkaika kumene anapumira ntchito mu 2009. Ambiri mwa inu munadutsa m'manja mwawo. Mukukumbukira mapu amene ankajambula ndi choko osayang'ana m'buku, okongola mwakuti ana ankakanirana kufufuta bolodi. Mu Chigwirizano cha Amayi anatumikira ngati mlembi zaka khumi ndi chimodzi.

Mu 2011 bambo Miti anatisiya, ndipo mayi anazilala. Anasiya kuchezera anthu, munda wawo wa mtedza unamera thengo. Mwana wawo Duncan, atabwera kutchuthi kuchokera ku Lusaka, anawabweretsera masewero a nkhani ochitira pa tebulo. Munthu mmodzi amatsogolera, kufotokoza dziko lopeka ndi zochitika zake. Ena onse aliyense amakhala munthu wa m'nkhanimo, n'kumanena chimene akufuna kuchita, ndipo madayisi, timiyala toponya tokhala ndi manambala, ndiwo amagamula ngati zatheka. Duncan ankangofuna kuti mayi ake aseke tsiku limodzi. Iwo anamvetsera mpaka kumapeto, anamuuza kuti mitsinje ya m'dziko lakelo ikuyenda chokwera phiri, n'kumulanda utsogoleri.

Miyezi isanu ndi itatu anakhala akulemba, osalola munthu kusewera. Dziko lawo analitcha Kalindamvula. Anadzaza makope khumi ndi awiri: mapiri, madooko, mibadwo isanu ndi inayi ya olamulira, miyambo ya ukwati, ngakhale mayina a mbalame. Makope anayi anali a mzinda waukulu wokha.

Loweruka loyamba anthu asanu anakhala pa khonde pawo masana. Panali mayi Esther Daka, anamwino opuma ntchito, ndiponso bambo Wilfred Kamanga, mkulu wa mpingo, amene anabwera kudzaona ngati madayisi aja sanali njuga. Nkhani itayamba, osewera ali pa ulendo wopita ku mzinda uja, malemu anangotchulako mayi wina amene ngolo yake inatitimira pa dooko, ng'ombe imodzi n'kuthawa. Mayiyo analibe ngakhale dzina m'makope. Bambo Kamanga anati Mkhristu sangadutse munthu wotere, ndipo gulu lonse linatha masabata atatu likusaka ng'ombe. Malemu anakhumudwa kwambiri, mpaka Lamulungu lina anawapatsa bambo Kamanga moni wa kumbali. Patapita zaka ankaiseka okha nkhaniyi: "Ine ndamanga mzinda wa zipata zisanu ndi ziwiri, anthu inu mukathera pa ngolo!" Za njuga sizinamvekenso, ndipo bambo Kamanga sanajombepo Loweruka.

Mu 2016 malemu anakhala miyezi itatu ku Lusaka akulandira thandizo la maso. Pobwera anapeza chiswe chalowa m'katoni ya makope, atsala awiri okha, nawonso odyeka m'mbali. Analira ngati aferedwa, ndipo anatumiza uthenga kuti masewero atha. Koma Loweruka anthu aja anabwerabe, anakhala m'malo mwawo, n'kuyamba kukumbutsana. Za mibadwo ya olamulira panalibe amene anakumbukirapo kanthu. Ankakumbukira mayi wa ngolo uja, wosula wina wachibwibwi amene anawabisa m'nkhokwe, ndi tsiku limene m'nkhanimo mayi Daka anawoloka mtsinje wodzaza atabereka mnzawo. Malemu anamvera ali m'nyumba, chitseko chili chotseguka pang'ono. Kenako anatuluka atavala chitenje chawo chabwino, nafunsa kuti madayisi ali ndi yani.

Kuyambira pamenepo ankakonzekera ndi tsamba limodzi lokha: pamene nkhani inalekera, mayina atatu, ndi vuto limodzi. Aphunzitsi ena a ku Katete ankabwera kudzafunsa kuti wotsogolera alembe zochuluka bwanji asanaitane anthu. Iwo ankayankha kuti, "Lembani zokwanira Loweruka limodzi. Zotsalazo akuuzani ndi osewera, inu muzingotchera khutu." Komabe makope aja sanawanyozepo. Ankati ndiwo anawadzutsa pa mphasa ya umasiye, ndipo anagwira ntchito yawo chiswe chisanawapeze. Munda wa mtedza unalimidwanso, ndipo osewera ankabwerera kwawo ndi kathumba ka mtedza.

Matenda a shuga anawavutitsa zaka zambiri. Mu 2022 maso anasiyiratu kuona, tsamba lija linakhala lopanda ntchito, koma nkhani inapitirira kuchokera m'mutu, mayi Daka akuwawerengera manambala a pa madayisi. Mu Malichi chaka chino, atamva kuti mphamvu zikutha, anaitana gulu lonse. Sanafune kusiya anthu pa njira. Anafunsa aliyense kuti akufuna munthu wake akakalambire kuti, ndipo mmodzimmodzi anamufikitsa kumeneko, kumumangira nyumba ndi kumupatsa anansi. Atatha anapempha bambo Kamanga kuti atseke ndi pemphero, koma bambowo mawu anawakanika, ndipo malemu anapemphera okha.

Pa 6 Meyi anagonekedwa m'chipatala ku Katete, ndipo anatisiya m'mawa wa Lachiwiri pa 14 Meyi 2024, ali ndi zaka 69.

Malemu asiya ana atatu, Duncan, Queen ndi Stella, popeza mwana wawo woyamba, Aubrey, anatsogola mu 1998. Asiya adzukulu asanu ndi anayi, chidzukulu chimodzi, ndi mng'ono wawo mayi Esnart Chulu a ku Vubwi. Asiyanso anzawo asanu a pa khonde, amene apempha banja kuti akhale kutsogolo popita kumanda.

Mayi athu, mphunzitsi wathu, ulendo wawo autsiriza. Apumule mu mtendere.