Mawu a Adadi Anali Kuseri kwa Kabokosi

Abale ndi alongo, Sabata labwino nonse. Akulu a mpingo, amayi ndi abambo, anzanga a kwaya, landirani moni m'dzina la Ambuye wathu.

Dzina langa ndine Tiyamike, mwana wa a Sakala ophunzitsa kwaya. Ndine uja amakhala kumbuyo pafupi ndi zenera. Kulankhula pagulu kumandivuta. Ine ndimalemba. Ndikaweruka ku sukulu ndimalemba pang'ono m'kabuku kanga, ndipo zimene ndinene lerozi ndakopera m'menemo. Mundipirire ndikamawerenga pang'onopang'ono.

Kunyumba kwathu, ku mafulati a ku Kabwata, tili ndi laputopu imodzi. Ndi ya tonse. Amami ndi aphunzitsi, amakonzerapo mayeso. Ine ndimachitirapo za ku sukulu. Adadi ankagwira ntchito mu ofesi ya kampani ya malole ku Heavy Industrial, dera la mafakitale, ndipo kumeneko anaona makompyuta onse atagwidwa ndi vairasi chifukwa munthu mmodzi anadina "inde" asanawerenge. Kuyambira pamenepo anakhwimitsa zinthu. Anaikonza laputopu yathu kuti aliyense azilowera mbali yake, koma adimini, ndiye kuti mwini wake amene amaloleza chilichonse chatsopano, akhale iwo okha.

Ndiye ukafuna kuikamo pulogalamu, ngakhale yaing'ono bwanji, sikirini imada, kenako pamatuluka kabokosi. Kamakufunsa ngati ukulola kuti chinthucho chisinthe za m'kompyuta, ndipo kamafuna pasiwedi ya adimini. Popanda pasiwediyo palibe chimene chingalowe.

Kabokosi kameneka tinkadana nako. Amami ankati ndi mlonda wosadziwa eni nyumba. Tsiku lina anagula pirinta kutauni, n'kuifukata mu minibasi njira yonse, koma inangokhala patebulo mpaka adadi kuweruka, chifukwa kabokosi kanakana. Atabwera, amami anawauza kuti posachedwa tiyamba kupempha pasiwedi tisanatsegule fuliji. Adadi anangoseka. Anati chitseko chimene chimatsegukira aliyense si chitseko, ndi chiboo. Amami anawapempha kuti awauzeko pasiwediyo. Iwo anati adzawauza, adzailemba penapake. Ankanena zoona, ndikudziwa. Koma munthu wathanzi amaona ngati mawa ndi lake.

Ku mbali ya adadi, kumene ife sitinkatha kulowako, ndi kumene kunali nyimbo. A kwaya mukudziwa mmene ankachitira. Ankajambula mawu onse okha, besi, tena, alto, ngakhale sopulano, imene ankaiimba ndi kamawu kopyapyala mpaka ife kuseka kukhitchini. Pakati pa nyimbo ankalankhula. Ankati apa pumani, apa musathamange, a alto mukumeza mawu. Ankabwera nayo laputopuyo kuno kuti mudzamvetsere, koma kutumiza pa foni ankakana. Choncho nyimbozo kunalibenso kwina kumene zinali.

Kenako kunabwera sitiroko. Unali m'mawa wa tsiku la ntchito, akumanga nsapato. Anagwera chakumanja. Za ku chipatala sindinena zambiri, chifukwa ambiri a inu munabwera, munaona nokha, munapemphera nafe. Mulungu anatisungira moyo wawo. Koma atabwerera kunyumba, dzanja lamanja linali lolemera, ndipo mawu anali atapita.

Abale, mawu anapita. Munthu amene ankadzutsa oyandikana nafe ndi besi yake posamba. Ankatiyang'ana, akudziwa bwinobwino chimene akufuna kunena, pakamwa n'kutuluka china, mwina osatuluka kalikonse. Ukawapatsa cholembera ku dzanja lamanzere, zilembo zinkasokonekera. Nyumba inakhala chete ngati tasamuka.

Ku chipatala kuli mayi wina wophunzitsa odwala kulankhulanso. Odwala ndi ambiri, ndiye tinkaonana naye mwa apo ndi apo. Anatiuza kuti ntchito yaikulu ili kunyumba, ndipo anatipatsa pulogalamu ya zithunzi ndi mawu pa fulashi, kachipangizo kaja kosungira za m'kompyuta. Imaonetsa kapu, n'kunena kuti kapu, wodwala n'kubwereza. Anati ndi ya pa kompyuta, si ya pafoni. Anatinso miyezi yoyambirira ndi yofunika kwambiri, tisachedwe.

Tsiku limenelo masitepe a fulati ndinakwera chothamanga. Ndinalowetsa fulashi, n'kudina. Sikirini inada. Kabokosi kaja kanatuluka.

Ndinakhala pamenepo ndikukayang'ana. Munthu yekhayo wodziwa pasiwedi anali pa sofa kumbuyo kwanga, ndipo sankatha kupempha ngakhale madzi.

Tinayesa, abale, tinayesa. Amami anayesa tsiku la ukwati wawo, dzina la mudzi wa adadi ku Katete, mayina athu, mavesi amene ankawakonda. Kabokosi kankakana mwaulemu, ndi mawu omwewo nthawi zonse. Tinaika laputopu pa miyendo ya adadi. Anagogoda ndi dzanja lamanzere, n'kuima, n'kugogodanso. Kanakana. Anayesanso. Kanakana. Kenako anaikankha n'kutembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka. Ndinali ndisanawaonepo adadi akulira. Tsiku limenelo m'kabuku ndinangolemba deti.

Kugula ina sitikanatha, adadi sali pantchito. Amalume a ku Chelstone, achimwene awo a amami, ali nayo, koma ndi ya ku ntchito, nayonso ili ndi kabokosi kake ndi mwini wake. Amalumewa ndi amene anatinyamula nthawi yonseyi. Galimoto yawo ndi imene inkatipititsa ku chipatala. Ndikufuna mumve bwino, ndi munthu wabwino. Anati tisavutike, akudziwa bambo wina wokonza makompyuta pafupi ndi City Market.

Tinapita awiri. Kashopu kake kali pamwamba, kodzaza ndi malaputopu otsegulidwa mimba. Bamboyo anaiyang'ana, anayesa zimene amayesa, kenako anapukusa mutu. Anati mwini wake anakhoma ngakhale diski, mmene mumasungidwa zonse, moti ngakhale ataichotsa n'kuiika mu kompyuta ina sangawerengemo kanthu.

"Ba mudala banu benze osamala maningi," anatero, kunena kuti adadi anali osamala kwambiri. "Apa ni kufometa chabe. Izankala monga yanyowani, muzaikamo vilivonse vamene mufuna."

Kufometa ndi kupukuta zonse kuti ikhale ngati yatsopano. Ndinafunsa chapansipansi za nyimbo. Anati nazonso zipita.

Amalume anati achite. Anati nyimbo ndi nyimbo, mlamu akachira adzaimba zina, chofunika n'chakuti munthu alankhule. Ndipo sankalakwa, abale. Chimene chinandipweteka n'chimenecho. Sankalakwa. Kuti adadi afunefune mawu atsopano, tinayenera kutaya mawu awo akale. Koma palibe dokotala amene anatilonjeza kuti atsopanowo adzabwera. Tikanatha kutsala opanda onse awiri.

Ife tinaleredwa kuti mwana sakana wamkulu. Makamaka malume. Makamaka malume amene akuthira mafuta ake kuti atate ako akaonane ndi dokotala. Ine ndinali ndisanakanepo munthu. Ngakhale kondakitala akanditsitsa pamalo olakwika ndimathokoza. Koma bambo uja atatambasula dzanja, ndinangoona manja anga onse awiri ali pamwamba pa laputopu.

"Ayi, amalume," ndinatero. "Chonde. Osati lero."

Amalume anandiyang'ana ngati mpando walankhula.

"Iwe Tiya, kansi uziba kukamba?"

Anadandaula kuti tabwera pachabe. Anati andipatsa masiku ochepa, zikakanika adzabwera nayo okha. Pobwerera anaima ku Kamwala n'kugula chimanga chootcha, n'kundipatsa osandiyang'ana.

Amami sanakondwe. Anali atatopa, ndipo anandiuza kuti ndikuchedwetsa kuchira kwa atate anga chifukwa cha nyimbo. Mawu amenewo anandilasa, chifukwa nanenso ndinkaganiza zomwezo. Tsiku lililonse lodutsa ndinkaliona ngati ndawabera. Chakudya sichinkalowa. M'kalasi sindinkamva kanthu. Pemphero langa linali lalifupi. Ambuye, ngati ndikulakwa, ndiuzeni msanga. Ngati ndikulakwa, ndiuzeni msanga.

Masana ena nditaweruka, amami asanabwere, ndinawapempha adadi kuti tiyesenso. Anakana ndi mutu. Ndinakhala pansi pambali pawo. Patapita nthawi anagogoda pa bondo lawo kuti ndiibweretse.

Ulendo uno sindinayang'ane kabokosi. Ndinayang'ana manja awo. Lamanzere linagogoda, n'kuima, n'kugogoda, n'kuima. Ndipo pamene linkaima, zala za dzanja lamanja, limene linali pa khushoni, zinkagwedezeka pang'ono ngati za munthu wolota. Adadi anazolowera kutaipa ndi manja onse awiri osayang'ana mabatani. Ndinazindikira kuti lamanzere silinkaiwala ayi. Linkadikira linzake.

Ndinanyamula dzanja lamanja lija. Linali lolemera, lofunda. Ndinaliika pamwamba pa mabatani, pamalo pake, nditaligwira pa mkono kuti lisagwe. Ndinawauza kuti asaganize, angoyamba. Lamanzere linagogoda. Chala chapakati cha kumanja chinasuntha n'kukhudza batani, koma chinalibe mphamvu yodinira. Ndinaika chala changa pamwamba pa chawo, n'kudina.

Tinalakwitsa kambirimbiri. Nthawi zina chala chinkagwera pakati pa mabatani awiri, ine n'kusankha lolakwika. Magetsi anali atazima kuyambira m'mawa, batire likutsika. Adadi anayamba kupuma mwamphamvu, thukuta lili pachipumi. Ndinati tisiye, tidzayesa mawa. Anakana. Tinayambiranso, chala chawo pansi, changa pamwamba.

Kenako kabokosi kanangochoka. Palibe belu limene linalira. Sikirini inawala, kamzere kobiriwira n'kuyamba kuyenda, pulogalamu ikulowa.

Mulungu ndi wabwino, abale. Nenani Ameni.

Ndinalemba zilembozo m'chikhatho ndisanaziiwale. Kenako tinalowa ku mbali ya adadi ndi pasiwedi yomweyo. Nyimbo zonse zinalipo. Ndinadina yoyamba imene ndinaiona, ndipo m'chipinda munadzaza mawu aja, aakulu, athanzi, akuti chabwino a besi, tiyambenso, koma ulendo uno mupume. Adadi anatseka maso.

Nthawi yomweyo amami anali pa masitepe. Anamva amuna awo akulankhula. Anatsegula chitseko mwamphamvu, makope a ana a sukulu n'kumwazikana pansi. Anayang'ana pakamwa pa adadi, kenako anayang'ana laputopu, n'kumvetsa. Ndinaopa kuti ndawapweteka. Anakhala pansi pakhomo pomwepo, osavula ndi nsapato zomwe.

"Tiya," anatero, "kweza."

Tsopano ndinene mmene zinthu zilili. Magetsi atayaka tinakopera nyimbo zonse pa mafulashi awiri. Imodzi ili kunyumba, ina amalume anapita nayo ku Chelstone, ndipo amati amamvera sopulano ija akafuna kuseka. Amalume anafunsa ngati sitingakazimitsiretu kabokosiko kuti tisadzavutikenso. Tinakambirana, adadi akumvetsera. Tinakasiya. Vuto silinali lakuti chitseko chinali chokhoma. Vuto linali lakuti kiyi inali imodzi, ndipo inali m'mutu mwa munthu mmodzi. Pano amami nawonso ndi adimini, ali ndi pasiwedi yawoyawo. Kabokosi kakatuluka amang'ung'udzabe, koma amawerenga dzina la chimene chikupempha, ndipo ngati ndi chimene tachiitana tokha amachilola.

Mwezi watha mnzanga wa ku sukulu anandibwereka fulashi ya filimu. Nditaidina, sikirini inada, kabokosi n'kutuluka. Ndinadzifunsa kuti filimu yongoonera ikufuniranji kusintha za m'kompyuta. Ndinadina ayi, n'kumubwezera fulashi yake. Sindikudziwa kuti munali chiyani, ndipo sindinafune kuti laputopu ya adadi ikhale yoyesera.

Adadi sanachire kwathunthu. Sindinabwere kudzanama pamaso pa Mulungu. Ku ntchito sanabwerere, dzanja likadali lolemera. Koma masana aliwonse timakhala pa pulogalamu ija. Amati kapu. Amati madzi. Amati ayi, ndipo ameneyu amamunena bwino kwambiri akaona mankhwala. Mayi wa ku chipatala uja atamva za nyimbo anati tiziwatsegulira, chifukwa odwala ena mawu amawabwerera mu nyimbo asanabwere polankhula. Ndiye adadi amaimba motsatira besi yawo yomwe. Wakale amatsogola, watsopano amatsatira pambuyo.

Ndikuthokoza Mulungu amene anasunga moyo wa atate anga. Ndikuthokoza amami, ndi amalume, ndi inu nonse amene munakwera masitepe athu ndi mapemphero ndi zakudya.

Ndili ndi pempho limodzi kwa a kwaya. Adadi ali apo, pambali pa amami. Dzulo ndinawafunsa ngati angaime nanu pa nyimbo yotsekera, ndipo anavomera ndi mutu. A besi, asiyireni malo. Amalowa mochedwa pang'ono, ndipo mawu ena amawadumpha. Musawakonze, musawadikire. Ingoimani pafupi nawo kuti azikumvani. Ameni.