Weston Akukamvera Nyanja

Kumayambiriro kwa 2006, Weston anapeza ntchito pa sitima yokatsitsa makina pansi pa nyanja, oti azichenjeza anthu tsunami, chimafunde choononga chija, isanafike kumtunda. Chinatsala n'kuuza mayi ake, a Esnat, namwino wa ku Woolwich, omwe anawapeza atangoweruka, mapazi ali m'beseni la madzi ofunda.

Weston anabwera ku London ali mwana, moti Chichewa ankachimva monga chanenedwera. Munthu akati wafa ndi njala, iye ankafunsa za maliro.

"Ntchito yake ndi yomvera, amayi," anayamba.

"Kumvera? Iwe?" A Esnat anatulutsa phazi limodzi m'madzi. "Chikubadwire sunandimverepo, lero azungu akulipire pa zimenezo?"

"Womvera si ine. Ndi makina. Amakhala pansi penipeni n'kumamva kulemera kwa madzi."

"Madzi alemera liti? Agula nyumba ku Croydon?"

Weston anafotokoza modekha kuti madzi sagula nyumba. Anatenga rimoti, n'kuiika pakapeti, n'kunena kuti amenewo ndiye makinawo. Chivomerezi chikachitika pansi pa nyanja, madzi amatukuka pang'ono, ndipo makinawo amazindikira nthawi yomweyo.

"Chivomerezo wapereka ndani? Ine sindinavomere."

"Chivomerezi, amayi. Chogwedeza nthaka chija."

"Ndamva. Pitiriza, Pulofesa."

"Sindine pulofesa."

"Ndikudziwa, mwanawe. Ndinakubala ndine."

Anapitiriza. Makina apansi amauza chinthu choyandama pamwamba, icho n'kuuza setilaiti, setilaiti n'kuuza anthu akumtunda kuti athawire kumapiri.

"Ndiye miseche basi," anatero a Esnat. "Wapansi kuuza wapamwamba, wapamwamba kuuza wakumwamba. Ku wodi kwathu timachita zimenezo shifiti iliyonse, popanda digiri."

Weston anawakumbutsa zimene anaonera limodzi pa TV Khirisimasi ya 2004 ija, madzi akukokolola midzi yathunthu. Anati anthu aja akanauzidwa msanga, ambiri bwenzi ali moyo. A Esnat anayang'ana m'beseni. Iye anaganiza kuti wapambana.

"Nanga pansipo ukapuma bwanji? Kusambira sudziwa."

"Ine ndikakhala pasitima. Pamwamba."

"Pamwamba. Iwe amene unasanza pa boti lowoloka mtsinje wa Thames pompano, tsidya linalo ukuliona ndi maso?"

"Tsiku lija ndinadya mazira."

"Ndiye kunyanjako kulibe mazira. Wachita mwayi."

"Alipo, amayi. Ndinafunsa."

A Esnat anagwira mutu. Kenako analamula: sapita. Akafuna za madzi, mpope wa kubafa ukudontha kuyambira chaka chatha, akhoza kukhala pansi n'kuumvera mpaka atakhuta. Anati iwo sanasiye kwawo n'kudzazizidwa kuno kuti mwana wawo akadyedwe ndi nsomba zosadziwika ndi dzina lomwe.

Weston anatola rimoti ija. Ntchitoyo ankaifuna kuposa china chilichonse, koma sanafune kuwasiya mayi ake ali ndi mantha chonchi.

"Chabwino, amayi. Mawa ndiwaimbira foni kuti sindipita."

A Esnat anaimirira m'beseni momwemo, madzi n'kukhavukira pakapeti.

"Usapite? Iwe uli bwinobwino? Kalata yako ya ntchitoyo ndinaiona kalekale patebulo. Mpingo wonse ku Peckham ndauuza kuti mwana wanga ndi amene akukaletsa tsunami, ndipo abusa akukupempherera Lamlungu lino. Ukufuna undichititse manyazi?"