Wanja wa Azakhali

Nkhondo ya azungu itangotha, ine ndikadali kamtsikana kosatha msinkhu, kuno ku Senga Bay kunalibe malojiwa, kunali mathandala a usipa ndi ntchentche basi. Ntchentche zake, ana inu, zinkatera m'maso mwa mwana ngati zachita kuitanidwa, ndipo akuluakulu ankangoti zisiyeni, ndi dalitso la nsomba.

Chaka chimenecho achemwali anga a Asiyatu anapeza banja. Mwamuna wawo anali a Yusufu, oyendetsa chombo cha thanga, koma amayi awo a Yusufu ukwatiwo sankaufuna, ankangodikira chifukwa. Nikaha, ukwati wa Chisilamu uja, itayandikira, kunafika azakhali athu, a Biti Saidi, kuchokera ku Nkhotakota ndi kabotolo ka wanja, ufa wakuda uja wopaka m'zikope. Inu lero mumabwerekana timapensulo n'kumadziona otsogola, koma uchitsiru umenewo tinauyamba ndife.

Kamtengo kopakira kanali kamodzi. Azakhali amati akakanyambita, n'kukaviika m'botolo, n'kudzipaka okha, kenako mkwatibwi, kenako tonse atsikana a m'mudzi pamzere. Maso a azakhaliwo anali psuu ngati tsabola, ndipo nditafunsa anati, "Ndi utsi, iwe. Tseka pakamwa, tsegula diso." Tinakongola ndithu, sindinama, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Sabata isanathe tonse tinadzuka zikope zitamatana ndi manthongo, tikugundana pakhomo ngati ana a mphaka. Azakhali, m'malo mochita manyazi, anasanduka sing'anga. Ananyika fodya m'madzi, anafinyiramo ndimu, ndipo anagwira achemwali mutu n'kuthira m'diso lamanzere. Kukuwa kwake, asodzi anasiya khoka n'kuthamangira kumtunda.

Amayi athu anatulukira kuchokera kumpunga khasu lili paphewa.

"Mlamu, diso la mwana wanga ndi ndiwo kodi, kuti muzithiramo mandimu?"

"Latsala linalo," anatero azakhali.

"Likhudzeni muone!"

Azakhali anakwera chombo tsiku lomwelo osatsanzika. Chipatala chinali kutali, ulendo wapansi, osati lero mumangokwera kabaza. Amayi anawiritsa madzi, anawaziziritsa, n'kung'amba chitenje chawo chatsopano kuti aliyense akhale ndi kansalu kakekake kopukutira. Lamulo lawo linali kusamba m'manja usanagwire kumaso, kusamba kumaso m'mawa ndi madzulo, ntchentche kuiingitsa, ndipo wotikita diso amalandira khofi. Tonse tinachira, koma diso lothiridwa fodya lija linachita mtambo woyera, silinaonenso.

Amayi awo a Yusufu anabwera atavala bwino ngati akupita ku Idi, chifukwa chija atachipeza. Anakhala pamkeka, mwana wawo ali pambali, n'kunena kuti, "Mwana wanga akwatire diso limodzi?"

Achemwali anavundukula mpango n'kuwayang'ana a Yusufu kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Amayi, thokozani Allah. Ndikanawaona ndi awiri, ndikanakana ndine."

A Yusufu anaseka mpaka kofia inagwa, ndipo anati mkazi wa pakamwa potere samusiya. Nikaha inachitika.

Mukuseka, nanenso ndimaseka, koma pamtima pamandiwawa. Achemwali anakhala ndi banja lokoma, koma mpaka ukalamba tiyi ankathira pambali pa kapu, ndipo ulusi m'singano ndinkawalowetsera ndine. Ndiye ana anga, mchere bwerekanani, chitenje bwerekanani, mwamuna akakutopetsani mudzaona nokha, koma cholowa m'diso chikhale chako wekha, ndipo likafiira pitani kuchipatala, osati kwa azakhali. Achemwali atadwala matenda omaliza anandigwira dzanja n'kuti, "Khala mbali iyi, mng'ono wanga. Uko sindikuona."