Pemphero lalitali la amuna anga

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni kuchokera kwa ine Esinati wa ku Chipoka. Ndikufuna ndikuuzeni za zaka zimene ndinakhala osadziwa ngati ndine mayi wapabanja kapena wamasiye.

Amuna anga, a Filimoni, anali msodzi, ndipo vuto lawo linali limodzi: pemphero lawo silinkatha. Ankatchula ine, ana athu Rute ndi Yosefe, mayi anga ndi mwendo wawo wotupa, mpaka mtengo wa bwemba wa pakhomo pathu kuti usagwere nyumba. Phala linkachita kuzizira. Kangapo konse ndinawatsina kuti anene ameni.

Tsiku lina pachipata cha msika anyamata a chipani anafuna khadi la Yosefe, ali khanda kumsana kwanga. A Filimoni, amene ndinali nawo limodzi, anangofunsa kuti, "Kodi khanda lidziwa chiyani za chipani?" M'mawa mwake kunabwera galimoto, nkuwatenga akusoka ukonde.

Masiku amenewo munthu akatengedwa chotero, dzina lake linkapita naye. Kutchalitchi ankangopempherera "ena amene ali kutali". Anzanga anayamba kuyanika usipa wawo patali ndi wanga. Sitima ya pamtunda ikalira ndinkathamangira kukaona otsika, nkubwerako manja lende. Yosefe anayamba kuyenda, kulankhula, mpaka sukulu, osadziwa nkhope ya bambo ake. Mayi anga anamwalira akufunsabe za mkamwini wawo. Ndinkawasowa amuna anga, abale, ndipo chimene ndinkachilakalaka koposa ndi pemphero lotopetsa lomwe lija. Langa linafupika mpaka linangotsala funso loti, "Ambuye, mpaka liti?"

Malume anga anatopa nane. "Iwe Esinati, kumene anapita amuna ako kuja anthu sabwerako. Tikakolola mpunga tiitana akuchimuna adzakusudzule, ukwatiwe ukadali ndi mphamvu." Kusudzulako kunali kuvomera kuti a Filimoni anafa. Pakamwa panavomera, koma mtima unkakana.

Mpunga utacha, pakhomo panafika bambo wowonda kwambiri, atavala chipewa cha Chisilamu. Anayang'ana bwemba uja nkuyamba kuseka.

"Ndiye sunagwe! Inu ndinu mayi Esinati eti? Mwendo wa amayi anu uli bwanji?"

Ndinachita mantha, poganiza kuti ndi kazitape.

"Musaope, ndine Saidi, ndangotuluka kumene kundende," anatero motsitsa mawu. "Tinkagona chipinda chimodzi ndi a Filimoni. Walahi, mayi, munthu uja amapemphera! M'mawa uliwonse, mpaka ife Asilamu tinakulowezani nonse pamtima. Ananditulutsa mwadzidzidzi, sitinatsanzikane. Ndangotsatira pemphero lawo: Chipoka, kuseri kwa njanji, nyumba ya pa bwemba."

Ndinakhala pansi pa mchenga nkulira mokweza, osasamalanso kuti akumva ndani. Kunja kuno tinkaopa kutchula dzina lawo, pamene iwo m'kati muja ankatchula athu tsiku ndi tsiku, nkumapemphererabe mwendo wa munthu amene tinamuika kale m'manda. Malume atamva anavula chipewa, ndipo za kusudzula sanazitchulenso.

Musaganize kuti a Filimoni anabwera mawa lake. Mvula inagwa nkusiya kangapo ndithu, ndipo masiku ena ndinkafookanso. Koma kudikira munthu wamoyo nkosiyana. Ndinayamba kutchula dzina lawo popemphera ndi ana, ndipo pemphero langa linatalika.

Anatsika sitima atamera imvi, mano ena atachoka. Yosefe anawapatsa moni ngati mlendo. M'mawa mwake, phala lili patsogolo pathu, anati tipemphere. Atafika pa mwendo wa mayi anga anaima, misozi ili chuchuchu, kenaka anapitiriza mpaka pa bwemba, nawonjezera Saidi ndi onse otsala m'kati muja.

Ndikuthokoza Mulungu amene anatuma Msilamu kudzandilimbitsa mtima. Inu amene mwatopa ndi kudikira, musaleke kutchula dzina la amene mukumuyembekeza, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Tsiku lija phala linazizira mpaka kuuma pamwamba, ndipo sindinatsine munthu.