A Chiphaliwali ndi Makina Opumira

Malemu, amene ambirife tinkawadziwa kuti a Chiphaliwali, anabadwa pa 9 Meyi 1958. Sukulu anailekeza panjira, ndipo mu 1977 anayamba ntchito yowotcherera zitsulo. Dzinalo linachokera ku kuthwanima kwa moto wa pantchitopo. Mu 1983 anamanga banja ndi mayi athu akhala apawa.

Utsi wa zaka makumi anayi unawadya mapapo. Pa 2 Febuluwale chaka chatha anakomoka akuwotcherera geti, ndipo kuchipatala anawalowetsa paipi kukhosi n'kuwalumikiza ku makina opumira.

Sabata yoyamba makinawo ndiwo ankawapumira. Kuchuluka kwa mpweya ndi nthawi yake, zonse anatchera ndi adokotala. Mayi ankaloledwa kulowa masana kwa mphindi makumi awiri. Akaona chifuwa chikukwera n'kutsika mosaphonya, ankadziwa kuti si bambo akuchita zimenezo, poti chibadwire malemu sanasungepo nthawi. Nkhawa yawo yaikulu inali yoti bambo apita asanalankhulane ndi mwana wawo woyamba, yemwe anasemphana naye zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo mwanayo atasiya ntchito ya zitsuloyo.

Tsiku lachisanu ndi chinayi anamwino anawakodola. "Mayi, tasintha. Tsopano makina akumadikira. Bambo akayamba kukoka mpweya, iwo amangomalizitsa. Akachedwa, m'pamene amawapumira."

Mayi anatuluka n'kumuimbira mnyamatayo. "Bambo ako ayamba kukoka okha. Bwera."

Anabwera mawa lake.

Patapita masiku, makina anangotsala n'kukankhira pang'ono pampweya uliwonse. Atawayesa theka la ola popanda thandizolo, malemu anatuluka thukuta, mtima n'kuthamanga, ndipo anawabwezera pomwe anali. Tsiku limenelo mayi sanadye. Kachitatu zinatheka, ndipo pa 21 Febuluwale paipi inachotsedwa.

Malemu anayang'anitsitsa mwana wawo, n'kufunsa ndi mawu osasa: "Geti lija wamaliza ndani?"

"Ndine, bambo."

"Ndiye kuti lapendama."

Mayi anaseka mpaka misozi, anamwino kuchita kuwatulutsa panja.

Atabwerera kunyumba, malemu anakhala nafe pafupifupi miyezi khumi ndi umodzi. Ankakhala pakhomo pa shedi yowotchereramo zitsulo n'kumalozera mwana wawoyo, amene anali atabwerera pantchitoyo, pomwe walakwitsa, madzulo n'kudyera limodzi. Pa 14 Januwale m'mawa, atamwa tiyi, anatsamira pampando wawo n'kutisiya mwakachetechete, mayi ali pambali. Tikulira, inde, koma mitima yathu ili m'malo: zonse zimene zinafunika kunenedwa zinanenedwa.

Asiya mayi, ana anayi ndi zidzukulu zisanu ndi zinayi. Tikuthokoza madokotala ndi anamwino, amene sanatope kutifotokozera zomwe makina ankachita, anzawo a zitsulo, anansi, ndi inu nonse mwadzatikhuza.

Bambo athu, ntchito mwaigwira. Usani mumtendere.