Chitenje cha Nkhanga pa Windo

Madzulo, banja la a Kampamba likuonera TV kwawo ku Kabwata, Rhodah analowa atasenza chidole chachitali ngati munthu, chopanda mutu. A Besa, eni sitolo ya zovala m'tauni, anali atamubwereka kuti ayesererepo, poti m'mawa mwake anayenera kukongoletsa windo la sitoloyo. Likakopa anthu, ntchito ndi yake.

Anachiimika pakona n'kuchiveka kasiketi kofiira.

"Iwe Rhodah, siketi yathela pamenepo?" anafunsa amayi ake.

"Ndiye mwamene ilili, mami."

"Atate ako ali pano."

"Ni pulasitiki chabe."

"Pulasitiki ili na mawondo?"

Rhodah anawerama n'kuyang'anitsitsa. "Ili nawo. Awili."

Amayi analowa kuchipinda n'kutulukako ndi chitenje chawo cha nkhanga, chimene amangochivala pa ukwati. Anachikulunga chidolecho mpaka mu akakolo.

"Ehee, manje chaoneka mwana wa munthu. Tenga duku."

"Chilibe mutu, mami."

"Ndiye chifukwa chivala so. Manga pakhosi."

Rhodah anamanga. "Koma siketi yabisika, na siketi ndiye tigulitsa."

"Wofuna siketi azafunsa."

"Azafunsa bwanji chinthu chamene sanaone?"

"Atate ako anaona mawondo anga asananikwatile?"

"Kaya, ninali nikalibe kubadwa. Dadi, munawaona?"

Bambo anakweza mawu a TV.

"Mvela," anatero amayi, chala chili m'mwamba. "Chitenje ichi usachotse. Olo mu minibasi, olo mu shopu."

"Olo pa windo?"

"Makamaka pa windo."

Rhodah anapita kukagona ali wokhumudwa, akuona ngati ntchito yamupita. Koma iye mawu a amayi sankawachotsera kapena kuwaonjezera.

M'mawa mwake amayi, popita ku msika, anadzera ku sitolo ija. Anapeza anthu ataunjikana pa windo, ena akujambula ndi mafoni. Chidole chinali chitaima pakati, nkhanga zili mbee, duku pakhosi.

Rhodah anatuluka akumwetulira. "Mami, ntchito banipatsa. Ba Besa bakamba kuti windo sinaitanepo anthu so. Bazimai balimbilana kugula vonse mwamene chavalila. Baikapo na mtengo."

"Mtengo pa chani?"

"Pa chitenje."

"Changa? Ah-ah. Chotsa."

"Munakamba kuti nisachotse. Makamaka pa windo."

"Nakamba chotsa, iwe mwana."

"Nanga mawondo, mami? Onani azibambo mwamene achulukila pano."

Amayi anayang'ana azibambowo, anayang'ana mzimayi wina amene anali atatsegula kale chikwama, kenako anayang'ana nkhanga zawo.

"Mawondo a ndani? Ni pulasitiki chabe."